Muyeso wa Chakudya Sabwereka

Pa ntchito yathu yoyendera misika, malo odyera ndi masitolo tinazolowera kufunsidwa za zimbudzi, za makoswe ndiponso za nyama yosapimidwa. Koma pa zaka zapitazi pabuka funso lina limene kale silinkamveka. Munthu amandiitanira pambali, natsitsa mau ngati akufuna kukongola ndalama, n'kundifunsa kuti: "Bambo a zaukhondo, kodi ndizidya makalori angati pa tsiku kuti sikelo yanga itsike?" Ambiri mwa ofunsawo sakhala alesi ayi. Wina amathamanga mbandakucha asanapite ku ofesi, wina amasewera mpira wamanja Loweruka lililonse, winanso akaweruka amakathirira kudimba. Ndipo pafupifupi onse amabwera ali nacho kale chiwerengero m'mutu, kaya 1,200 kaya 1,500, chimene anachiona pa foni kapena anachimva kwa mnzao wa kuntchito.

Maganizo anga ndiwanene poyambirira pomwe. Chiwerengero chobwereka kwa munthu wina n'chopanda phindu, ndipo kwa munthu wogwira ntchito zolimba chikhoza kukhala choopsa. Aliyense apeze chake poona kulemera kwa thupi lake ndi ntchito imene amagwiradi tsiku ndi tsiku, achotsepo pang'ono chabe, kenaka alole sikelo imuuze ngati walondola kapena waphonya.

Ndikudziwa kuti ena mwa owerenga aipidwa kale. Adzati, m'dziko limene ana ambiri ali opinimbira chifukwa cha kuperewera kwa zakudya, bwanji tikuononga masamba polankhula za anthu okhuta? Dandaulo limeneli lili ndi maziko. Kafukufuku wa boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo, wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016, anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. Koma kafukufuku yemweyo anapezanso kuti amai 21 mwa amai 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyeso, pamene oonda kupyola muyeso anali 7 okha. Kafukufuku wina wa mu 2009, amene Unduna wa Zaumoyo unachita mothandizana ndi bungwe la WHO, anapeza kuti mwa akuluakulu a zaka 25 mpaka 64, mmodzi mwa atatu alionse anali ndi matenda othamanga magazi, ndipo pafupifupi 6 mwa 100 anali ndi matenda a shuga. Mavuto awiriwa akugona m'nyumba imodzi. Si zachilendo kuona mai wonenepa atabereka kumbuyo mwana wopinimbira. Tsono sitingati limodzi libadikira kufikira titathana ndi linzake.

Kalori ndi muyeso wa mphamvu, monga momwe kilogalamu ilili muyeso wa kulemera. Kalori imene timanena pa zakudya ndiyo moto wokwanira kufunditsa lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi. Katswiri wa ku America, Wilbur Atwater, ndiye anayesa zakudya m'zaka za m'ma 1890, nasiya ziwerengero zimene tikugwiritsabe ntchito mpaka lero: galamu imodzi ya sitachi kapena shuga imapatsa makalori 4, ya zomanga thupi 4, ya mafuta 9, ndipo ya chinthu choledzeretsa cha mu mowa 7. Mapaketi ambiri a m'masitolo athu, makamaka ochokera ku South Africa, amalemba mphamvuyi ndi zilembo za kJ. Mukagawa chiwerengero chimenecho ndi 4.2 mwapeza makalori. Nacho chiwerengero cha 2,000, chimene ambiri amachiyesa lamulo, chinachokera ku America, kumene boma linachisankha kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990 kuti chikhale poyerekezera polemba pa mapaketi a zakudya. Pochisankha sanali kuganiza za mlimi wa ku Dedza kapena kalaliki wa ku Limbe.

Nanga munthu angapeze bwanji chiwerengero chake? Tiyambe ndi mphamvu imene thupi limatha munthu ali chigonere osatakataka. Mtima, mapapo, ubongo, chiwindi ndi impso sizipuma, ndipo kwa anthu ambiri zimenezi zimatenga koposa theka la mphamvu yonse ya pa tsiku. Mu 2001 akatswiri a mabungwe a FAO, WHO ndi UNU anakumana ku Rome, ndipo lipoti lao, limene linasindikizidwa mu 2004, lili ndi masamu osavuta opezera mphamvu imeneyi. Mwamuna wa zaka 30 mpaka 60 achulukitse makilogalamu ake ndi 11.5, aphatikizepo 873. Mkazi wa zaka zomwezo achulukitse ndi 8.1, aphatikizepo 846. Kwa a zaka 18 mpaka 30, mwamuna achulukitse ndi 15.1 n'kuphatikiza 692, mkazi achulukitse ndi 14.8 n'kuphatikiza 487. Mwana wa Sitandade 6 akhoza kukuwerengerani zimenezi kuseri kwa kope lake.

Yankho limenelo tsono mulichulukitse ndi nambala yoimira ntchito yanu, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Lipoti lomwelo linagawa anthu patatu. Amene amakhala pampando tsiku lonse, nayenda pa galimoto kapena pa minibasi, ndipo madzi ali nao pampope wa pakhomo, nambala yao ili pakati pa 1.40 ndi 1.69. Amene amatakataka ndithu, monga amisiri omanga nyumba ndi amai a kumudzi olima, otunga madzi kutali ndi kusenza nkhuni, yao ili pakati pa 1.70 ndi 1.99. Amene amagwira khasu, chikwanje kapena nkhwangwa maora ambiri tsiku lililonse, nayenda mitunda yaitali atasenza katundu, yao ili pakati pa 2.00 ndi 2.40. Akatswiriwo ananenanso kuti munthu wa mu ofesi akhoza kukwera kuchoka pa 1.55 kufika pa 1.75 ngati amachita masewera otulutsa thukuta ora lathunthu tsiku ndi tsiku. Mau akuti tsiku ndi tsiku muwagwire bwino. Mpira wa Loweruka lokha, pamene masiku ena onse munthu ali pampando, sumutulutsa m'gulu loyamba lija.

Ndipereke chitsanzo cha ine mwini, popeza chilonda cha mwini sichinunkha koma chimaphunzitsa. Pamene ndinayamba ntchito ndinkayendera midzi pa njinga yakapalasa, ndipo sikelo inkasonyeza makilogalamu 68. Kenaka inabwera njinga yamoto, pambuyo pake tebulo la mu ofesi ndi misonkhano ija ya m'mahotela, kumene timadya tiyi wa 10 koloko ndi samusa, nkhomaliro ya nyama ziwiri, tiyinso wa 3 koloko, uku tikukambirana za kadyedwe koyenera. Nditakwanitsa zaka 43 ndinali ndi makilogalamu 88 pa msinkhu wa mita 1.70. Pali muyeso umene a zaumoyo amautcha BMI: munthu amachulukitsa msinkhu wake ndi msinkhu womwewo, n'kugawa makilogalamu ake ndi yankholo. Kuyambira 25 ndiye kuti thupi lapyola, kuyambira 30 ndi kunenepa koika moyo pachiswe. Wanga unali 30.4. Mphamvu ya thupi langa pogona inali 11.5 kuchulukitsa ndi 88, kuphatikiza 873, ndiye kuti makalori 1,885. Popeza ndinkathamanga kawiri pa sabata, ndinadziika m'gulu la anthu otakataka, n'kuchulukitsa ndi 1.8. Ndinapeza 3,390, ndinachotsapo 500, ndipo kwa miyezi iwiri ndinadya makalori ngati 2,900 ndili wokondwa. Sikelo sinasunthe. Nditabwerera ku masamu aja moona mtima, n'kuchulukitsa ndi 1.55, ndinapeza 2,920. Chimene ndinkachiyesa chakudya chochepetsa thupi chinali chakudya chongosunga thupi pamene linali. Muyeso wanga weniweni unayenera kukhala pafupi ndi 2,400.

Uko ndi kulakwa kwa mbali imodzi. Kulakwa kwa mbali inayo ndi kumene kumandidetsa nkhawa koposa, pakuti kumagwera anthu akhama. Mphunzitsi wina wamkazi wa zaka 38, wolemera makilogalamu 78, amayenda pansi makilomita anai kupita ku sukulu ndi anai pobwerera, amaimirira pa bolodi mpaka masana, amaphunzitsa atsikana mpira wamanja, ndipo akafika kunyumba amachapa pamanja ndi kupalira kamunda ka kuseri. Mphamvu ya thupi lake pogona ndi makalori ngati 1,480, ndipo tikachulukitsa ndi 1.75 tipeza kuti amatha pafupifupi 2,590 pa tsiku. Mnzake anamuuza kuti mkazi wofuna kuchepa adye 1,200. Ndiye kuti anayamba kudya chosakwana theka la chimene thupi lake linkafuna. Sabata yoyamba anasangalala, pakuti makilogalamu awiri anachoka. Sabata yachitatu anayamba kumva chizungulire ndi kukalipira ana pa zinthu zazing'ono, ndipo tsiku lina anakomoka pabwalo la masewera. Atasiya, njala inam'bwerera ngati ya munthu wochira malungo, ndipo isanathe miyezi itatu sikelo inali pa 80. Mai ameneyu akadadya 2,100 akadagwira ntchito yake bwinobwino, thupi n'kumatsika.

Zimene zinam'chitikirazi zinalembedwa kalekale. Mu 1944 ndi 1945, pa yunivesite ya Minnesota ku America, Ancel Keys anayesa anyamata 36 amene anakana kupita ku nkhondo chifukwa cha chikumbumtima chao, koma anadzipereka kuti aone njala, madokotala aphunzirepo mothandizira anthu a ku Ulaya nkhondo ikadzatha. Kwa masabata 24 anapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chao, makalori ngati 1,600 pa tsiku, ndipo ankayenda makilomita 35 pa sabata. Anataya gawo limodzi mwa magawo anai a thupi lao. Mphamvu imene matupi ao ankatha pogona inatsika ndi magawo pafupifupi 40 mwa 100. Ankamva kuzizira, anafooka, anasanduka aukali ndi okhumudwa, ndipo maganizo ao onse anali pa chakudya. Atawalola kudya mmene afunira, ambiri anadya mosaletseka nakhala ndi mafuta ochuluka kuposa poyamba. Zoona, anyamatawa sanali onenepa, ndipo munthu wonenepa ali ndi nkhokwe yoti thupi litapemo. Komabe onani kuti 1,600, chiwerengero chimene ena amachipereka kwa mwamuna aliyense ngati malangizo abwino, kwa mwamuna wotakataka chinali njala yeniyeni.

N'chifukwa chake ine ndimaumirira kuti munthu achotse makalori 500 okha pa tsiku, kapena 300 ngati ntchito yake ndi yolemetsa kwambiri. Alangizi a ku Britain amanena 600, ndipo kusiyana kwake n'kochepa. Thupi likaperewedwa pang'ono limatapa m'mafuta. Likaperewedwa kwambiri limayamba kudyanso minofu, yomwe ndiyo mphamvu ya mlimi, ya mmisiri ndi ya wothamanga. Ndipo mkazi asatsike pansi pa 1,200, mwamuna pansi pa 1,500, popanda dokotala womuyang'anira. Ziwerengero ziwirizi ndi malire a pansi, koma anthu anazisandutsa poyambira.

Tibwerere kwa anzanga a mu ofesi, amene kulakwa kwao kuli ngati kwanga kuja. Tonsefe timakuza ntchito imene tagwira ndi kuchepsa chakudya chimene tadya, ndipo sitichita dala. Mu 1992 madokotala a ku New York anayesa anthu amene ankadandaula kuti amadya pang'ono koma sachepa. Anapeza kuti anthuwo ankatchula pafupifupi theka chabe la chimene ankadyadi, ndipo ntchito yao ankaikuza ndi theka. Nawo mawotchi a pamkono owerenga makalori asakunyengeni. Mu 2017 a pa yunivesite ya Stanford anayesa mitundu isanu ndi iwiri ya mawotchiwa, ndipo ngakhale imene inachita bwino koposa inkaphonya ndi magawo 27 mwa 100 pa makalori, pamene yoipitsitsa inkaphonya ndi 93. Munthu wa makilogalamu 88 akathamanga makilomita asanu amatha makalori ngati 400. Akayenda ndawala ora lathunthu amatha ngati 300. Magalamu 100 okha a tchipisi cha pachiwaya ali ndi makalori ngati 300, ndipo mbale ya pachiwaya sithera pa magalamu 100. Amene amachokera kothamanga n'kudzipatsa mphotho ya tchipisi ndi botolo lozizira wabweza zonse ndi chiongoladzanja.

Palinso china chodabwitsa. Mu 2012 Herman Pontzer ndi anzake anayesa anthu a mtundu wa Hadza a kumpoto kwa Tanzania, amene amakhalira kusaka nyama, kufula uchi ndi kukumba mizu, nayenda mitunda yaitali tsiku lililonse. Anapeza kuti, poyerekeza ndi kukula kwa matupi ao, mphamvu imene amatha pa tsiku sinasiyane kwenikweni ndi ya anthu a m'mizinda ya ku America ndi ku Ulaya. Akatswiri akukanganabe za tanthauzo lake lonse, koma zikuoneka kuti thupi likatakataka kwambiri limasunga mphamvu pa zinthu zina. Musamve ngati ndikunyoza masewera. Bungwe la WHO mu 2020 linalangiza akuluakulu kuti azitakataka mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, ndipo phindu lake pa mtima, pa shuga wa m'magazi, pa tulo ndi pa kusunga minofu n'losakayikitsa. Chimene ndikukana ndi kuwerenga masewera kawiri. Ngati munawaika kale mu nambala ija yochulukitsira, musawaonjezerenso pa mbale madzulo.

Tsono chiwerengero cha pa pepala tichitengere ku khitchini, pakuti palibe amene amadya manambala. Vuto lathu ndi lakuti nsima ilibe paketi. Njira imene ndinaipeza yothandiza ndi kuyesa ufa usanalowe mumphika. Magalamu 100 a ufa wa chimanga, kaya mgaiwa kaya woyera, ali ndi makalori ngati 360. Banja likaphika kilogalamu imodzi ya ufa, mumphikamo muli makalori 3,600, ndipo chipande chikaomola mitanda 15 ndiye kuti mtanda uliwonse uli ndi 240. Chipande cha kwanu chikhoza kusiyana ndi cha kwathu; yesani kamodzi kokha, mudzadziwa mpaka kale. Amene amadya mitanda itatu masana ndi itatu madzulo watha kale makalori oposa 1,400 asanawerenge ndiwo. Mgaiwa ndimaukonda kuposa ufa woyera chifukwa umakhalitsa m'mimba ndipo gaga wake ali ndi zofunika m'thupi, koma pa makalori awiriwa ndi pachibale.

Komabe nsima timainamizira milandu yambiri. M'malo odyera amene ndimayendera, mbala yaikulu ndi mafuta ophikira. Supuni imodzi yaikulu ili ndi makalori 120, ndipo ophika athu sayesa ndi supuni, amangopendeketsa botolo mpaka tomato atasambira. Banja la anthu asanu limene limatha chigubu cha malita 5 pa mwezi likupatsa munthu aliyense makalori ngati 270 pa tsiku, amene sawaona n'komwe. Shuga naye: supuni yaing'ono yosadzaza ili ndi 16, koma ife timatapa motumphuka, atatu m'kapu imodzi, makapu awiri pa tsiku, ndipo pamenepo papita makalori oposa 150. Botolo la zakumwa zozizira la mamililita 300 lili ndi shuga wokwana masupuni ang'ono asanu ndi atatu, makalori ngati 130. Botolo la mowa la mamililita 330 lili ndi ngati 140, choncho mabotolo anai a Lachisanu madzulo afafaniza khama la tsiku lathunthu, osawerengera kanyenya wotsagana nao. Mtedza ndi chakudya chabwino ndithu, ndipo ndiwo zotendera zimaposa zokazinga, koma magalamu 100 ali ndi makalori ngati 570, ndiye wongotafuna pocheza achenjere. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kuyambira 2019 dziko lathu lili ndi buku lakelake la ziwerengero za zakudya za kuno, ndipo a za kadyedwe a m'zipatala za m'maboma akhoza kukuthandizani nalo pa zakudya zimene sindinatchule.

Makalori anga 500 ndinawapeza motere: mtanda umodzi wa madzulo, botolo lozizira la pa nkhomaliro, masupuni anai a shuga, ndi theka la supuni ya mafuta. Palibe gulu la chakudya limene ndinasiya. Magulu asanu ndi limodzi aja amene timaphunzitsa m'midzi, zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, onse anakhalabe pa mbale. Malo a mtanda uja anatengedwa ndi nkhwani, bonongwe kapena mpiru, ndipo usipa, mazira, nyemba ndi nandolo sindinachepetse, popeza munthu wotakataka akamachepetsa thupi amafuna zomanga thupi zokwanira kuti minofu isathe. Chimene ndinalakwa poyamba n'chakuti sindinawafotokozere amai a kunyumba. Ataona mtanda ukubwerera masiku atatu otsatizana anandifunsa mwaulemu wonse kuti, "Kodi bambo, masiku ano mukumadya kuti?" Amuna anzanga, yambani mwakhala pansi ndi amene amagwira mthiko, pakuti botolo la mafuta lili m'manja mwao.

Ngakhale mutawerenga mosamala chotani, chiwerengero chanu chikhoza kuphonya ndi makalori 200 kapena 300, chifukwa masamu aja anachokera pa kuyesa anthu ambiri, ochuluka a iwo a ku Ulaya, ndipo matupi safanana. Woweruza ndi sikelo. Dzipimeni kamodzi pa sabata, m'mawa musanadye, pa sikelo imodzimodzi, ndi zovala zofanana, n'kulemba m'kope. Sabata yoyamba musaikhulupirire, pakuti chimene chimachoka msanga ndi madzi. Sikelo ya amai imakweranso ndi kutsika motsata nthawi ya kumwezi. Pakatha masabata anai onani. Ngati mwatsika kilogalamu imodzi kapena awiri, muli pa njira yabwino, musasinthe kanthu. Ngati simunatsike, chotsaninso makalori 150 kapena 200, kapena fufuzani chimene mumadya osachiwerenga. Ngati mwatsika makilogalamu oposa anai, kapena mukumva chizungulire, mukusowa tulo, khasu likukulemerani, onjezerani chakudya. Tengani tepi ya atelala muyesenso mimba pamchombo. Mwamuna akapyola masentimita 94 ndi mkazi 80, chiopsezo chayamba. Pa 102 ndi 88 chakula. Wochita masewera nthawi zina amaona lamba akukhwepa sikelo ili pomwepo, ndipo kumeneko ndi kupambana ndithu.

Ambiri amataya mtima pa mwezi wachinai, ndipo mlandu ndi wa masamu akale. Mu 1958 dokotala wina, Max Wishnofsky, anawerengera kuti kutaya kilogalamu imodzi kumafuna makalori ngati 7,700. Potsata zimenezo, wochotsa 500 pa tsiku akadataya makilogalamu 24 pa chaka. Koma thupi likamachepa limafunanso chakudya chochepa, choncho mpata uja umanka nutsekeka wokha. Mu 2011 Kevin Hall ndi anzake a ku America anasonyeza kuti munthu wotere angayembekeze kutaya makilogalamu ngati 10 m'chaka choyamba, ndipo kutsikako kumanka kuchedwa. Ine ndinatsika kuchoka pa 88 kufika pa 81 pa miyezi isanu ndi itatu. N'kwanzeru kubwereza masamu aja mukataya makilogalamu asanu alionse. Ndipo musanyoze zochepazo. Kafukufuku wamkulu wa ku America, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2002, anatenga anthu amene shuga wao anali atayamba kukwera, nawalimbikitsa kutaya magawo 7 mwa 100 a thupi lao ndi kutakataka mphindi 150 pa sabata. Odwala shuga pakati pao anachepa ndi magawo 58 mwa 100 poyerekeza ndi anzao. Kwa munthu wa makilogalamu 88, magawo 7 amenewo ndi makilogalamu 6 chabe. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa olima, muyeso umasintha ndi nyengo. Kuyambira pa kugalauza mu Okutobala mpaka pa kupalira ndi kubandira mu Januwale, munthu ali m'gulu lachitatu lija, ndipo imeneyo ndi nyengonso imene nkhokwe zimapepuka. Kuchepetsa chakudya pa nthawi imeneyo n'kusaganiza bwino. Nthawi yoyang'anira mbale ndi ya pambuyo pa kukolola, pamene ntchito yachepa koma chimanga, mtedza, mbatata ndi maukwati zachuluka. Chimodzimodzi wakabaza amene wasiya njinga yopalasa n'kugula yamoto: ntchito ya miyendo yatha tsiku lomwelo, koma m'mimba mukufunabe mitanda ija ya kale.

Pali ena amene malangizo onsewa sawakhudza. Amai oyembekezera asachepetse chakudya, ndipo oyamwitsa amafuna makalori ena 500 pamwamba pa muyeso wao. Ana ndi achinyamata amene akukula asaikiridwe chiwerengero ndi makolo popanda a chipatala. Odwala chifuwa chachikulu ayenera kuonjeza chakudya. Odwala shuga amene amabaya jakisoni wa insulini kapena kumwa mapiritsi otsitsa shuga ayambe aonana ndi dokotala, pakuti kuchepetsa nsima mankhwala ali omwewo kukhoza kugwetsa munthu. Ena amene amamwa mankhwala otalikitsa moyo amaona thupi likukwera. Iwo akafotokoze ku chipatala, koma asasiye mankhwala ngakhale tsiku limodzi. Ndipo aliyense amene akuonda asanachepetse chakudya, makamaka ngati akutsokomola, akutuluka thukuta usiku kapena akumva ludzu losatha, asadziyamikire, apite akapimidwe. Za matiyi ochepetsa thupi amene ndimawapeza m'misika, ambiri alibe dzina la wopanga kapena tsiku lothera mphamvu, ndipo ochuluka amangotsegula m'mimba. Chimene chimachoka ndi madzi ndi ndalama.

Chotsala ndi malilime a anthu. Kwathu kuno mkazi wonenepa amati akusungidwa bwino, mwamuna wa mimba amati zake zikuyenda, ndipo chiyambire zaka zija za m'ma 1990, pamene tinaika abale ambiri m'manda ataonda, munthu akatsika thupi anthu amanong'onezana. Ndaona amai ena akusiyira panjira, magazi ao akuthamanga, chifukwa apongozi anafunsa ngati pakhomo pali mtendere. Ine nditataya makilogalamu asanu, mkulu wina wa kumpingo anandigwira dzanja nthawi yaitali, nandiuza motsitsa mau kuti akundikumbukira m'mapemphero. Ndinam'thokoza, n'kumuonetsa kope langa la sikelo ndi kabuku ka kuchipatala kosonyeza mmene BP yanga yatsikira. Anawerenga mofatsa, nafunsa ngati masamu amenewa amagwiranso ntchito kwa munthu wa zaka 58. Tinakhala pa benchi la kuseri kwa tchalitchi n'kuwerengera pa envulopu ya chopereka. Iye ali ndi makilogalamu 94, amagulitsa m'sitolo atakhala pansi, ndipo chake chinatuluka 2,400 titachulukitsa ndi 1.5 n'kuchotsa 500. Anapinda envulopuyo naika m'thumba la jekete, nati akayamba waionetsa kwa amai.